AGOGO AKANA KUFA: ZA PIKAPU YA 1987 YOSENZA KATUNDU WA PA MSIKA KU MZUZU

Inu amalonda a mu msika waukulu wa Mzuzu ndi anzanga a ku Zigwagwa, nkhope yanga mumaidziwa ngakhale dzina simulidziwa. Ndine uja wa kapikapu koyera, kopenta ndi bulashi m'mbali, kamene kamayamba katsokomola kawiri kasanalire m'mawa. Anyamata a mawilibala anakapatsa dzina loti Agogo, ndipo dzinalo linakanirira moti ngakhale pa rodibuloko amandifunsa kuti, "Kodi Agogo adzuka bwanji lero?"

Agogowa ndi Nissan 1400 ya chaka cha 1987, nthawi imene ena mwa inu munali musanabadwe. Akhala akusenza matumba anu a mbatatesi, madengu a tomato, nthochi, usipa ndi mabelo a kaunjika kwa zaka zoposa 30. Koma mu December 2023 anatsala pang'ono kupha anthu atatu pa mtsetse wa ku Nkhata Bay, ndipo olakwa sanali iwo ayi. Wolakwa ndinali ine, ndiponso pang'ono, pepani kunena, inu eni katundu. Ndiye khalani pansi tikambirane, poti nkhaniyi ikukhudza mpamba wanu ndi moyo wanu womwe.

ANACHOKERA KU JONI

Bambo anga, amene kwathu ku Mzimba timati adada, anali mmodzi mwa amuna ambiri a kwathu amene anatsikira ku South Africa pa okha kukasaka ganyu. Anagwira ntchito ya m'dimba ndi yophika m'nyumba za azungu ku Johannesburg zaka 12. Pobwerera mu 1994, anzawo anabwera ndi mawailesi a makaseti, njinga ndi masutikesi a zovala. Iwo anabwera ndi pikapu, yogula kwa mzungu wina wokonza mapaipi a madzi amene anali ataikwirinthitsa kale zaka 7.

Anaiyendetsa okha kuchokera ku Joni: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Tete, Zobue, n'kulowera pa Mwanza. Zaka zochepa m'mbuyo mwake munthu sakanayerekeza kudutsa njira imeneyo yekha chifukwa cha nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la mtendere la mu October 1992. Adada ankakonda kunyadira kuti ulendo wonsewo chimene chinavuta ndi tayala limodzi basi.

Magalimoto amenewa ankapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria. Anayamba mu 1971 ndi dzina la Datsun 1200, mu 1980 anawaika injini yokulirapo ya 1400, ndipo fakitale inapitiriza kuwatulutsa mpaka 2008. Zaka 37 zathunthu, maonekedwe ali pafupifupi omwewo! Olankhula Afrikaans anawapatsa dzina loti kanniedood, kutanthauza chinthu chokana kufa. Ndiye anyamata a pa Zigwagwa potchula kuti Agogo sanaphonye kwenikweni.

Agogo anafika pa nthawi yake. Riferendamu inali itachitika mu June 1993, zisankho za zipani zambiri mu May 1994, ndipo aliyense anali atadzuka ndi geni. Misewu ya mu Mzuzu inadzaza mavenda, amayi anayamba kupita ku Karonga kukaoda mpunga wa kilombero ndi zitenje za ku Tanzania. Mabasi a Stagecoach analipo, koma sankakwanira ndipo kumidzi yambiri sankafika. Apa m'pamene matola anakula. Ine ndili ndi zaka 13 ndinkakhala kumbuyo pamwamba pa matumba, n'kumatolera ndalama pa msewu wa Ekwendeni mpaka ku Rumphi. Tinkalongeza anthu 15 m'kagalimoto kameneka, ana osawerengera. Lero ndikakumbuka thupi limachita tsemwe. Matola ndi oletsedwa ndi lamulo, ndipo anatha anthu ambiri m'dziko muno. Ife tinangopulumuka mwa chisomo.

Adada atamwalira mu 2010, makiyi anagwera ine. Pofika nthawi imeneyo maminibasi anali atatenga anthu okwera, kenaka kunabwera ma Sienta. Kwa Agogo kunatsala katundu wa pa msika, ndipo ndi katundu ameneyu waphunzitsa ana anga atatu.

GALIMOTO YOMVANA NDI SIPANALA

Anthu amandifunsa kuti, "Aise, bwanji osagulitsa chibenthu chimenechi n'kugula yatsopano?" Yankho langa ndimati tsegulani boneti muone. Mukati mwa Agogo muli malo oti nkhuku n'kuikiramo mazira. Injini ya masilinda anayi, kabuleta, distiribyuta, koyilo, redieta ndi batire, kwatha. Chilichonse chimaoneka ndi maso ndipo chimafikika ndi dzanja.

Magalimoto amene akulowa masiku ano kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe ndi abwino, sindikana. Amamwa petulo pang'ono, mipando yake ndi yawofuwofu, ndipo mvula ikagwa sadontha ngati mmene amachitira Agogo pa bondo langa lamanja. Koma ikazima pa Chikangawa usiku m'nkhungu muja, mumayamba kusaka munthu wa kompyuta. Ine ikazima ndimatulutsa sikuludiraiva.

Adada anandiphunzitsa kuti injini ya petulo ikakana kulira, mafunso oyamba ndi awiri okha: kodi petulo akufika, nanga moto ukufika? Za petulo, mumachotsa kapaipi kolowa mu kabuleta, mnzanu n'kupotokola kiyi pang'ono. Petulo akathovoka ndiye kuti pampu ili bwino. Akapanda kutuluka, yang'anani fyuluta, kenaka pampu, kenaka thanki, poti nthawi zina matenda amangokhala thanki youma ndi geji yabodza. Pochita zimenezi fodya akhale kutali. Za moto, mumazula waya wa pulagi imodzi, n'kuuyandikiza pa chitsulo cha injini mutaugwira ndi pulayazi ya mphira. Moto wabuluu ukathetheka, kumeneko kulibe mlandu. Ukakhala wofiira wofooka kapena palibiretu, tsegulani distiribyuta muone mapointi ndi kondensa.

Mapointi ndi tizitsulo tiwiri timene timatseguka ndi kutsekeka injini ikamazungulira, ndipo mpata wake umafunika kukhala pafupifupi theka la milimita. Ku galaja amayeza ndi geji yake, koma pa msewu adada ankangong'amba kakatoni ka bokosi la machesi n'kuyezera. Akapsa mumawapala ndi sandipepa, ulendo n'kupitirira. Mawaya a mapulagi nawo ali ndi ndondomeko yake, 1-3-4-2. Tsiku lina mnyamata wanga wothandiza anawazula onse potsuka injini n'kuwabwezera mwachisawawa. Agogo anaphulika ngati mfuti, amayi a tomato n'kubalalika kusiya madengu.

Kuseri kwa mpando sikusowa izi: masipanala a 10, 12, 14 ndi 17, pulayazi, fanibeliti yapadera, mapointi ndi kondensa, pulagi ziwiri, waya, mphira wa chubu, tochi, ndi chigubu cha malita 5 a madzi. Zonsezi mtengo wake sufika pa kukokedwa kamodzi kuchokera ku Chiweta.

MATENDA A UKALAMBA

Tisanamizane, nkhalamba ndi nkhalamba. Agogo ali ndi matenda awo, ndipo ambiri amawatenga kuno kwathu komwe.

Oyamba ndi chisanu. Inu mukudziwa mmene Mzuzu amazizirira mu June ndi July, ndi kamvula kowaza kaja kosadziwa kalendala. Chinyontho chimalowa m'chivundikiro cha distiribyuta, moto n'kumasochera. Madzulo ndimafunditsa injini thumba louma, m'mawa ndimalichotsa, ndimapukuta chivundikirocho mkati, ndimakoka tchoko, ndipo ndimawasiya Agogo alire mphindi zingapo asanasenze kanthu. Ndikaimika usiku ndimaimika poyang'ana kumunsi, kuti batire likagona tingokankha pang'ono n'kugwetsera mu giya yachiwiri.

Achiwiri ndi petulo wa m'zigubu. Amene munalipo mu 2011 ndi 2012 mukukumbuka kugona pa mizere ya pa filing'i siteshoni, ndipo mizere ija inabweranso kuyambira 2022. Munthu ukakhala ndi tomato wa eni ake akuphwanyika pa dzuwa, umagula petulo paliponse. Koma wa m'zigubu amabwera ndi mchenga, madzi, nthawi zina osakaniza ndi palafini. Timabowo ta mu kabuleta ndi tating'ono ngati diso la singano, kachitsotso kamodzi galimoto yayamba kudukiza. Ndinaika mafyuluta awiri motsatizana, ndipo petulo wokayikitsa ndimamusefa pa nsalu yoyera.

Palinso china chimene ambiri sadziwa. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982. Zimathandiza dziko kusunga ndalama zakunja, koma ethanol amakoka chinyontho ndipo amaumitsa mapaipi a mphira akalekale. Galimoto yakale ikakhala miyezi osayenda, pansi pa thanki pamadikha madzi ndi dzimbiri. Choncho mapaipi a petulo ndimawafinya ndi zala mwezi uliwonse. Ikayamba kuchita ming'alu ndimasintha, poti petulo wodonthera pa injini yotentha mapeto ake ndi phulusa.

Achitatu ndi kutentha pa chikweza. Kuchokera ku nyanja kubwera ku Mzuzu ndi kukwera kokhakokha, ndipo nthochi ndi chinangwa sizipepuka. Geji ikayamba kukwera, imani pambali, musadikire nthunzi. Musatsegule chitsekerero cha redieta injini ili moto, ndaonapo mnzanga atasupuka nkhope. Musathirenso madzi ozizira mu injini yowira, mutu wake ndi wa aluminiyamu, umapindika. Mukaona oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, kapena madzi a mu redieta akuchita thovu injini ikulira, dziwani kuti gasiketi yapita. Oyilo ndimasintha pa makilomita 5,000 alionse, ngakhale kunyumba kudyedwe nyemba sabata yonse.

Achinayi ndi dzimbiri. Madzi a nsomba zaziwisi, mchere ndi feteleza zimadya chitsulo kuposa chiswe pa mtengo. Pansi pa bodi ya Agogo pawotchereredwa katatu ku Luwinga. Tsopano ndimayala pulasitiki yokhuthala, ndipo tsiku la nsomba ndimatsuka ndisanagone.

Zonsezi ndinkazisamala bwino ndithu. Chimene ndinachinyozera ndi chimodzi, ndipo ndi chimene chimaimitsa galimoto.

TSIKU LA TSOKA

Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Masipeyala onse anakwera usiku umodzi. Pa nthawi yomweyo tayala lakumbuyo la Agogo linayamba kunyowa mkati, chizindikiro choti timphira ta mabuleki tatha. Ndinapita pa kashopu kena m'tauni, mnyamata n'kundionetsa mitundu iwiri. "Awa ndi orijino, awa ndi otchipa, koma bwana onse amagwira chimodzimodzi." Ndinatenga otchipa. Mafuta a mabuleki ndinangowonjezera a m'kabotolo kotsegula kale kamene kanakhala pa windo kwathu kuyambira kaya liti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sabata ya Khrisimasi mayi wina wa mu msika waukulu, kasitomala wanga wa zaka zambiri, anandipeza m'mamawa. Anali ndi matumba 12 a mbatatesi ya ku Jenda, aja osokerera chisoti pamwamba, ndi mulu wa kabichi, zonse zopita ku Nkhata Bay. Ndinamuuza kuti awa ndi maulendo awiri.

"Adada, maulendo awiri ndilipira ndi chiyani? Ndalama iyi ndi ya banki m'khonde, Loweruka ndikubweza. Agogo sanayambe andikhumudwitsapo. Tiyeni, Mulungu alipo."

Nissan 1400 anaipanga kuti izinyamula pafupifupi theka la tani, ndiye kuti matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50. Thumba la mbatatesi la chisoti inu mukulidziwa kulemera kwake, amanyamula anyamata awiri akubuula. Tsiku limenelo Agogo anasenza mwina kuwirikiza kawiri muyezo wawo. Masipuling'i anawongoka kuti thyathyathya, mphuno inayang'ana kumwamba. Ndinaona, ndinadziwa, koma ndinaganiza za nyama ya Khrisimasi ya ana anga. Mayi uja anakhala kutsogolo, mnyamata wanga anakwera pamwamba pa matumba.

Msewu wa Mzuzu kupita ku Nkhata Bay ndi wa makilomita 47. Anaumanganso pakati pa 2016 ndi 2019 ndi thandizo la African Development Bank, ndipo anaukuza bwino kusiyana ndi kanjira kakale kaja. Koma phiri sanalichotse. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye pa kamtunda kochepa kameneka galimoto imatsika mamita oposa 700, mokhotakhota. Msewu wosalala umanyenga, phazi limalemera osadziwa.

Apa ndiulule tchimo lachitatu. Pofuna kupulumutsa petulo wodula uja, ndinachotsa giya n'kuika pa nyutulo, galimoto izingotsetsereka yokha. Madalaivala ambiri amachita zimenezi, ndipo mukawaona muziwadzudzula. Galimoto ikakhala mu giya, injini imaigwira kuti isathamange. Pa nyutulo ntchito yonse imagwera mabuleki okha, ndipo ine ndinali nditawaponda kuyambira pamwamba.

Tisanafike pa Mpamba ndinamva fungo ngati la mphira wopserera. Pa kona yotsatira ndinaponda buleki, phazi linangopita mpaka pansi ngati ndaponda nsima. Ndinapopa kawiri, katatu, kanayi, kunangogwira pang'ono n'kutayanso. Mayi uja anaona nkhope yanga ndipo anayamba kuitana Yesu ndi mayina a ana ake mmodzimmodzi.

Chimene chinatipulumutsa ndi mawu a adada, amene ankandibwerezera ndili mwana mpaka kunditopetsa: mabuleki akathawa usazimitse injini, usakoke handibuleki mwamphamvu, saka giya. Ndinaponda kilatchi, ndinapatsa moto kuti injini ikwere, ndinakankhira mu giya yachitatu. Inakukuta koma inalowa. Agogo analira ngati ng'ombe yophedwa, liwiro linatsikako. Ndinapatsanso moto, ndinakankhira yachiwiri. Kenaka ndinayamba kukoka handibuleki pang'onopang'ono, chala chili pa batani, kukoka ndi kusiya, kukoka ndi kusiya. Kutsogolo kunali kona ina yakuthwa ndipo ndinadziwa kuti sitiikwanitsa. Kumanzere kunali ngalande ndi khoma la dothi. Ndinakuwira mnyamata kuti agwiritse, ndipo ndinawagoneka Agogo m'ngalandemo, nthiti zawo n'kumakhula khomalo mpaka tinaima.

Kunali zii. Kenaka ndinamva mbatatesi ikugubuduka pa tala, kutsika yokha ku Nkhata Bay. Mnyamata anaponyedwa pa udzu, anathyoka mkono. Mayi uja anatemeka pamphumi. Ine ndinatuluka wopanda bala, koma miyendo inakana kundinyamula, ndinangokhala pansi m'matope.

MAWU A MADALA A KU LUWINGA

Agogo anabwerera ku Mzuzu atakokedwa ndi lole ya matabwa. Ndinawapititsa ku Luwinga kwa madala ena amene akhala akuwagwira kuyambira nthawi ya adada. Madalawo sanandipatse ngakhale moni. Anatsegula kabotolo ka mafuta a mabuleki pa injini, anaviika chala, n'kundionetsa. Anali akuda ngati khofi.

"Mwana wanga, mafuta awa unasintha liti?"

Ndinati ndimangowonjezera akachepa.

"Sindinafunse zowonjezera. Bambo ako ankabwera pano zaka ziwiri zilizonse, tinkakhetsa onse n'kuthira atsopano. Iwe wakhala zaka zingati?"

Ndinawerenga mumtima, zinakwana 7. Ndinangoyang'ana pansi.

Anandifotokozera motere, ndipo inunso mumve. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho cha mumpweya pang'onopang'ono, makamaka kumalo a mvula ngati kuno. Atsopano sawira msanga ngakhale atenthe kwambiri, koma akalowa madzi amawira mosavuta. Ukaponda mabuleki nthawi yaitali pa mtsetse ndi katundu wolemera, kutentha kumafika ku mafutawo, amawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi. Mafuta safinyika, n'chifukwa chake amakankha mabuleki. Nthunzi imafinyika, ndiye phazi limangopita pansi. Choopsa n'choti galimoto ikazizira mabuleki amabwerera ngati palibe chinachitika, dalaivala n'kumati zinali zamatsenga.

Atachotsa diramu yakumbuyo anapeza timphira tanga totchipa tija titafufuma ngati mandasi, mafuta atanyowetsa mashuzi a mbali imodzi. Mwezi umodzi wokha! Anapezanso tsamba limodzi la sipuling'i litathyoka, ndipo ataona matayala anapukusa mutu. Anandilozera manambala anayi amene amakhala m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Langa lina linalembedwa 2314, ndiye kuti sabata ya 23 ya 2014. Ndinaligula la kaunjika, mapanga ake akuoneka bwino, osadziwa kuti ndi nkhalamba ya zaka 9. Anandiuzanso kuti pikapu imafuna matayala a katundu, aja okhala ndi chilembo C kumapeto kwa saizi, osati a galimoto yonyamula bwana ndi chikwama chake.

Ndinayesa kudziteteza kuti COF ndinali nayo, yosatha. Madala anaseka. "Pepala limanena za tsiku limene anaiyeza. Za lero amadziwa ndi mwini galimoto."

KUGULITSA KAPENA KUKONZA

Kunyumba nkhani inali itatha kale. Mayi a ana anati galimoto imeneyi idzatisiyira umasiye, igulitsidwe. Tsiku lachitatu kunabwera mkulu wina wogula zitsulo zakutha, anazungulira Agogo kawiri, n'kutchula mtengo woti sungagule ngakhale njinga yamoto ya kabaza. Anati injini aigulitsa payokha, giyabokosi payokha, zotsalazo pa sikelo.

Usiku umenewo sindinagone. Mlandu unali pa ine: chipatala cha mnyamata, ndi mbatatesi ya eni ake imene theka inaphwanyika, ina n'kutoledwa ndi odutsa. Kugulitsa Agogo kukanabweza ngongolezo, koma Januwale ndikanadya chiyani, fizi ndikanaitenga kuti?

M'mawa ndinapita kwa mayi uja ndili ndi manyazi. Ndinamupeza pa benchi yake, bandeji pamutu, akugulitsa kabichi wopulumuka. Ndisanatsegule pakamwa anayamba ndi iye.

"Adada, musagulitse galimoto. Munandiuza kuti maulendo awiri, ndinakakamira ndine. Tigawane. Theka la mbatatesi ndi langa, theka mudzandibwezera ponditengera katundu ulere mpaka ikwane. Mukagulitsa, ife a matumba asanu tidzakwera chiyani? Lole sitingaikwanitse, Sienta sinyamula mbatatesi."

Mawu amenewo ndi amene anapulumutsa Agogo ku sikelo. Anzake a banki m'khonde anamupatsa mwezi wina woti abweze. Ine ndinagulitsa mbuzi zitatu kumudzi, ndinalipira chipatala, ndipo mnyamata ndinkamupatsa malipiro ake mpaka mkono unalumikizana. Madala a ku Luwinga anagwira ntchito masabata atatu, ndalama ndinkapereka pang'onopang'ono. Tinasintha masilinda a mabuleki onse, mapaipi a mphira, mashuzi, chingwe cha handibuleki ndi sipuling'i. Zina tinazipeza pa Nissan ina yakufa ku Chibavi, zina anatibweretsera mnyamata wa kwathu woyendetsa katundu kuchokera ku Joni, kumene masipeyala a galimoto zimenezi sasowa. Khomo lakumanzere analiwongola ndi hamala, ndipo chipsera chake ndinakana kuti achipente. Ndimafuna ndizichiona tsiku lililonse ndisanakweze thumba loyamba.

KWA INU ENI KATUNDU

Tsopano ndilankhule ndi inu, amayi ndi abambo a pa msika, poti ambiri mumakwera magalimoto ngati Agogo sabata iliyonse, kaya wopita ku Jenda, ku Chintheche kapena ku Karonga kudzera pa Chiweta.

Dalaivala akakuuzani kuti katundu wakwana, musamunyengerere ndi kawonjezera. Phindu la matumba awiri apamwambawo silingagule bokosi la maliro. Ngati ulendo wachiwiri ukukulemerani, sonkhanani anthu atatu kapena anayi mugawane mtengo wa hayala, mutu umodzi susenza denga.

Musanakwere, zungulirani galimoto kamodzi. Masipuling'i akumbuyo akawongoka kapena bodi ikakhala pa tayala, tsitsani katundu. Tayala losalala kapena lotupa m'mbali, kanani. Mkati mwa tayala mukaoneka monyowa ndi mafuta, funsani. Muuzeni dalaivala aponde buleki inu mukuona: phazi liyenera kuima pakati molimba, likamatsika pang'onopang'ono mpaka pansi, galimoto imeneyo isanyamuke. Safunsa anadya phula.

Pa mtsetse tcherani khutu. Injini ikakhala chete galimoto ikuthamanga, ndiye kuti ali pa nyutulo. Muuzeni alowetse giya, ndipo musachite naye manyazi poti moyo ndi wanu. Lamulo la adada linali loti giya imene wakwerera phiri ndi yomweyo utsikire. Mukamva fungo lopserera, aime pambali mabuleki azizire, tomato sangaole pa mphindi 20. Ndipo mwana kapena wantchito wanu asakhale pamwamba pa matumba. Mnyamata wanga tsopano amakhala kutsogolo, malo akasowa amakwera minibasi pa ndalama yanga.

Kwa madalaivala anzanga a magalimoto akale ndingoti, pa mpando wong'ambika, pa wailesi ndi pa penti mukhoza kuumira. Pa mabuleki, matayala ndi chiwongolero musaumire. Mafuta a mabuleki gulani a m'botolo lomata, ndipo khetsani onse pa zaka ziwiri zilizonse.

Mayi uja ngongole yake inatha mu May 2024, ndipo mpaka lero ndi kasitomala wanga. Akabwera ndi matumba 12 amayamba yekha kunena kuti, "Adada, awa ndi maulendo awiri." Agogo akutsokomolabe kawiri m'mawa uliwonse. Mukawafuna, muwapeza pamalo pawo pomwe paja kuyambira 5 koloko, koma thumba la khumi ndi chimodzi musabwere nalo.